Mapiritsi khumi amene anatsala m'botolo

Tamanda mwana wanga, Nangozo,

Ndakhala pakhonde masana ano a Lachisanu ndi kope ndi cholembera, iwe uli kwa azakhali ako kukatsanzika. Mayi ako adutsa kawiri n'kundifunsa ngati ndikulembera boma. Ndawayankha kuti ndikulembera munthu wamkulu kuposa pamenepo, mayi wa kukoleji. Ukudziwa kuti pakamwa panga mawu amatuluka mochedwa, ndipo nkhani ikakhala yolemera ndimathera kutsokomola. N'chifukwa chake ndasankha pepala.

Ndiyambe ndi chimene chadzaza mumtima mwanga. Ine ndinalekezera Sitandade 7, nthawi imeneyo sukulu isanakhale yaulere. Mawa mwana wanga akukwera basi ya ku Blantyre kukaphunzira za mankhwala, mwana yemwe uja anthu ankati asamavutike ndi sukulu chifukwa mutu wake ndi wodwala. Chitulukireni dzina lako pa mndandanda wa osankhidwa, ndikapita kumsika ku Tsangano ndimayenda pang'onopang'ono dala kuti anthu andiimitse n'kundifunsa. Mayi ako akuti ndayamba kuyenda ngati tambala wongogula kumene. Sindikukana.

Koma pali nkhani imene sindingakulole kukwera nayo basi tisanaikambe. M'mawa uno mayi ako anandipatsa botolo limene timasungiramo mankhwala ako kuti ndilikulunge m'pulasitiki lisakanyowe m'chikwama. Nditaliyang'ana padzuwa ndinaona kuti mapiritsi ali pamwamba kuposa pamene ayenera kukhala. Ndinawakhuthulira m'mbale n'kuwerenga. Undikhululukire, ndiwe munthu wamkulu ndipo sindinayenere kutero osakupempha. Tinakatenga mapiritsi 60 Lolemba, masabata awiri ndi masiku anayi apitawo. Umamwa awiri madzulo aliwonse. Madzulo 18 adutsa, ndiye kuti 36 anayenera kumwedwa n'kutsala 24. Ine ndapeza 34. Ndinabwereza katatu. Mapiritsi khumi, Tamanda, ndi madzulo asanu.

Mayi ako sindinawauze, ndipo sindikukukalipira. Chifukwa chake ndikuchiganizira. Mwezi watha ndinakumva ukuwauza mayi ako uku mukuchapa kuti mankhwalawa amakulemetsa mutu m'mawa, ndipo kukoleji kuli mabuku aakulu ofuna mutu wopepuka. Unanenanso kuti patha zaka zitatu usanagwe. N'zoona, zaka zitatu ndi miyezi iwiri. Ndiye unafuna kudziyesa usanachoke, kudumpha tsiku apa ndi apo kuti uone ngati khunyu linakusiya. Kuyesa kumeneko ine ndinakuchita kale, pa thupi lako lomwelo, ndipo nkhani yake sindinakuuzepo yonse chifukwa cha manyazi. Lero uimve.

Unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mu Sitandade 2, mwezi wa Juni kukuzizira. Unagwa koyamba panjira yochokera kusukulu, n'kugwanso pakhomo patatha masiku asanu ndi anayi. Tinapita nawe kuchipatala chaching'ono cha kwathu kuno, ndipo anatipatsa timapiritsi toyera 30 ta fenobabitoni, kamodzi madzulo aliwonse. Masiku amenewo wailesi inkangoti malizani mankhwala, malizani mankhwala, ponena za malungo. Ine mawu amenewo ndinali nditawagwira ndi manja awiri, moti ndinkadzudzula anzanga amene ankasiyira mankhwala panjira thupi likangopepuka. Ndinajambula timizere 30 ndi khala kuseri kwa chitseko, ndipo ukameza piritsi ndinkafufuta kamzere kamodzi. Mwezi wonse sunagwe. Kamzere komaliza katafufutika ndinasamba m'manja n'kuuza mayi ako kuti tamaliza.

"Sanati tibwererenso?" anafunsa mayi ako.

"Mankhwala akatha ndiye kuti atha, Nanzunga. Kodi a malungo timakatenganso ena?"

"Inu ndi amene munalowa kwa adokotala, ine ndinali panja."

"Ndiye khulupirirani amene analowa."

M'buku lako la kuchipatala munali tsiku lobwerera, lolembedwa m'Chingelezi ndi dzanja lothamanga. Mwina anandiuzanso pakamwa, mutu wanga uli kwina. Ine amene ndimadzitama kuti sindiphonya tsiku, tsiku limenelo sindinalione.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi chithereni mapiritsi, tinali kudimba tikukumba mbatatesi dzuwa lili pamutu. Iwe unkatolera zing'onozing'ono m'kabeseni. Ndinangomva beseni lagwa. Kugwa kwa tsiku limenelo sikunali ngati kuwiri koyamba kuja. Unkaphiriphitha, kuleka pang'ono, usanatsegule maso n'kuyambiranso. Ndinakunyamula kuthamangira kumsewu, ndipo mwayi unali woti galimoto yodzagula mbatatesi inali itangodzaza. Tinakhala pamwamba pa matumba mpaka ku Boma, mutu wako uli pamiyendo ya mayi ako. Njira yonse mayi ako sanandiyang'ane, ndipo sananene mawu amodzi ondidzudzula. Mpaka lero ndimalakalaka akanandilalatira. Kuchipatala anakubaya jakisoni, thupi lako n'kufewa, ndipo unagona masiku awiri.

Tsiku lachitatu adokotala anandiitanira m'kachipinda. Anali mayi wamfupi wovala magalasi, wolankhula mosathamanga.

"Bambo, mankhwala munasiya liti?"

"Sitinasiye, adokotala. Tinamaliza."

Anavula magalasi aja n'kundiyang'ana. "Munamaliza."

"Onse 30, osadumpha ngakhale limodzi."

Ndinanena zimenezi monyadira, Tamanda, ndikuyembekeza kuti andiyamikira. Iwo anangondifunsa ntchito imene ndimagwira. Ndinati ndimalima mbatatesi n'kumatsitsa panjinga kupita kumsewu.

"Njinga yanuyo ili ndi mabuleki?"

"Ili nawo. Ndinasintha mphira mwezi watha."

"Mukatsika chitunda chimodzi bwinobwino ndi thumba kumbuyo, mumawamasula n'kuwataya kuti mwamaliza?"

Ndinangoyang'ana zala zanga za kumapazi.

Anatenga buku lako n'kuyamba kujambula kuchikuto. Zimene anandiuza ndikulemba monga ndinazigwirira ine wa Sitandade 7. Anati mu ubongo muli timitsempha tosawerengeka, ndipo timatumizirana mauthenga usana ndi usiku. Mauthenga ena amati pita, ena amati ima. Munthu amayenda, kulankhula ndi kuganiza bwino chifukwa awiriwa amayenderana, monga mwendo wopalasa ndi dzanja logwira buleki. Mwa munthu wa khunyu, nthawi zina a pita amachuluka n'kukuwa onse pamodzi, a ima n'kulephera kuwagwira. Kugwa kuja ndi kumeneko, njinga yathawa ndi mwini wake pachitunda.

Anajambula kabwalo, n'kuikapo kakhomo m'mbali mwake. Anati pa kamtsempha kalikonse pali timakomo totere. Mthenga wa ima, amene anamulemba dzina lake kuti Gaba, akafika amagogoda pakhomopo, khomo n'kutseguka, ndipo mumalowa kanthu kokhala ngati mchere kamene kamaziziritsa kamtsemphako kuti kasafulumire kukuwa. Kenako khomo limatsekeka. Mankhwala ako, anatero, sapha kachilombo kalikonse monga amachitira a malungo, chifukwa mulibe kachilombo koti kaphedwe. Ntchito yake ndi kukhala pambali pa khomolo n'kuligwira kuti lichedwe kutsekeka. Jakisoni amene anakubaya uja anati amagwira pa khomo lomwelo, koma iye amalitsegulitsa pafupipafupi, n'chifukwa chake anakuziziritsa msanga. Mankhwala akachoka m'magazi, wogwira khomo wachoka.

Ndinafunsa chifukwa chimene unagwera koopsa kuposa poyamba. Yankho lake ndi limene ndikufuna ulisunge kuposa zonse za m'kalata muno. Anati ubongo umazolowera. Ukaona kuti pali wina amene akuugwirira buleki tsiku ndi tsiku, umafewetsa dzanja lake. Ndiye wothandizayo akachoka mwadzidzidzi, amasiya dzanja lofooka kuposa mmene analipezera. Ndipo sachoka tsiku lomwelo. Mankhwalawa amatsalira m'magazi masiku angapo, moti munthu amadumpha lero, mawa n'kudzuka bwinobwino, n'kuganiza kuti wachira. Ife anatinamiza masiku asanu athunthu. Iwenso madzulo asanu amene unadumpha sanakuuze zoona, mwana wanga. Sunagwe chifukwa otsalira m'magazi anali akugwirabe khomo. Mabuleki samalizidwa, Tamanda.

Titabwerera kumudzi ndinapukuta malo a timizere aja kuseri kwa chitseko ndi chisanza chonyowa. Mayi ako anaima kumbuyo kwanga n'kunena kuti, "Inu aNgozo mumawerenga chilichonse, ngakhale nthata za nkhuku mukhoza kuzidziwa mayina. Tsopano werengani zoyenera." Kuchokera pamenepo patha zaka 12, ndipo botolo lako silinakhalepo lopanda kanthu. Mvula ikadula msewu ndinkapita wapansi kuchipatala kutatsala sabata imodzi kuti tsiku likwane. Sindikunena izi kuti undithokoze. Amene ankameza ndi iwe.

Za mapiritsi khumi otsalawo, usawamwe pamodzi kuti chiwerengero chikwane. Buleki ukaikoka mopitirira, njinga imakugwetsanso. Adokotala aja anati mankhwalawa akachuluka amaziziritsa ngakhale mbali ya ubongo imene imayendetsa kupuma. Ungobwerera pa awiri ako madzulo aliwonse, pa ola lomwelo, ndipo ukakafika ukawauze a chipatala zoona kuti unadumpha kasanu.

Kulakwitsa kwina kunali kwa ukwati wa mwana wa azakhali ako, iwe uli Fomu 1. Kunatentha, unali ndi ludzu, ndipo ndinakutungira thobwa m'mtsuko umene unali kuseri kwa nyumba osalilawa. Linali lija logona masiku atatu, limene amalume ako anabisira anzawo. Unamwa kapu imodzi yokha. Nthawi ya perekaniperekani, anzako akuvina, iwe unali utagona tulo tofa nato pamulu wa mphasa, ndipo tinakudzutsa anthu akuphwasula zisakasa. Mayi ako anandiseka mwezi wonse. Ankati ndine mkulu wa mpingo woyamba kuledzeretsa mwana wake dzuwa likuswa mtengo. Nditakafunsa kuchipatala anandiuza kuti mowa umagogoda pa timakomo tomwe tija, ndiye ukakumana ndi mankhwala ako pamakhala anthu awiri okoka buleki imodzi. Ndipo mowa ukamachoka m'thupi umasiya ubongo uli wolusa, wosachedwa kugwetsa munthu. Kukoleji kuli zakumwa zimene ine sindizidziwa mayina. Akakupatsa, usachite manyazi kunena kuti ayi. Ukatopa ndi kufotokoza, ungoti bambo anga anandiledzeretsa kale kamodzi, zinakwana.

Chimene chimandipweteka kwambiri pokumbukira ndi kubisa. Utayambiranso sukulu ndinakauza aphunzitsi kuti unadwala malungo aakulu. Mawu akuti khunyu sindinkafuna atuluke pakamwa panga. Ndinkaopa kuti ana anzako azikuthawa, chifukwa anthu ambiri kuno ankakhulupirira kuti thovu la munthu wakugwa limapatsira. Ndinabisa zaka zitatu. Uli Sitandade 5 unadwala chifuwa, thupi linatentha, ndipo unagwa m'kalasi. Ana anathawira panja. Aphunzitsi ako, pofuna kukuthandiza monga anamvera kwa makolo awo, anakukanikiza supuni m'kamwa kuti usameze lilime. Dzino lako lakutsogolo lobenthuka lija linabenthuka tsiku limenelo. Aphunzitsi aja sindiwaimba mlandu. Ndikanawauza chiyambire, ndikanawauzanso zoyenera kuchita. Ukamamwetulira pa zithunzi n'kutseka pakamwa ndi dzanja, ine ndimadziwa mwini wake wa dzino limenelo.

Lolemba lotsatira ndinavala jekete langa la kutchalitchi n'kukaima kutsogolo kwa kalasi yako. Ndinawauza dzina la matenda ako. Ndinawauza kuti sapatsirana, si ufiti, ndipo munthu sangameze lilime lake. Mtsikana wina wakumbuyo anafunsa ngati ungathe kusewera nawo fulaye. Iwe unayankha ndisanatsegule pakamwa: "Ndimakuposa kale." Kalasi yonse inaseka, ndipo ine ndinatuluka ndikupukuta m'maso ndi chipewa. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti mtima wako ndi wolimba kuposa wanga.

Ndiye ukakafika, amene ukagone naye chipinda chimodzi ukamuuze tsiku loyamba, chikwama usanamasule. Usadikire kuti muzolowerane. Ukamuuze kuti ukagwa achotse zinthu zimene zingakupweteke, akuike chofewa kumutu, akugoneke cham'mbali, asakuike kanthu m'kamwa ndipo asakupanikize. Ayang'ane nthawi pafoni. Zikapitirira mphindi zisanu, kapena ukayambiranso usanatsitsimuke, athamange nawe kuchipatala. Akakhala munthu wabwino akuthokoza. Akakhala woipa, bola wamudziwa msanga. Usakasambe utakhoma chitseko ndi loko, usakagone pabedi lapamwamba, ndipo nthawi ya mayeso usakachezere ndi mabuku mpaka mbandakucha, chifukwa kusowa tulo nako kumafewetsa buleki. Zimenezi ukuzidziwa kale. Ndikungobwereza monga ndimabwerezera kuwerenga matumba ngakhale ndawaona ndi maso.

Tsopano za kulemera kwa mutu. Sindikunena kuti ukunama, kapena kuti ungopirira. Ndakhala ndikukuona m'mawa ukuyang'ana tsamba limodzi nthawi yaitali, ukutikita m'maso. Buleki yogwira bwino imalemetsanso kupalasa, zimenezo ndimazidziwa ndi miyendo yanga. Koma mankhwala a khunyu si mtundu umodzi. Kuchipatala anandiuza kuti alipo ena amene sagwira pa khomo la ima, koma amafooketsa a pita aja, ndipo anthu ena amawayanja bwino. Anandiuzanso kuti munthu akakhala zaka osagwa, nthawi zina madokotala amatsitsa mankhwala pang'onopang'ono kwa miyezi, akumuyang'anira, ndipo ena amafika posiya. Mwina iwe udzakhala mmodzi wa iwo, mwina ayi. Ine sindikudziwa, ndipo iwenso sungadziwe podziyesa wekha kuseri. Kumene ukupita kuli madokotala odziwa za ubongo kuposa amene tinawapeza kuno. Sabata yoyamba yomweyo utenge mabuku ako a kuchipatala, onse atatu amene ndawasokera pamodzi, ukakhale pamaso pawo n'kunena mawu omwe unawauza mayi ako pochapa paja. Akasintha, asinthe iwowo. Akatsitsa, atsitse iwowo. Wekha usamasule buleki, Nangozo.

Palinso nkhani yoti mankhwalawa amalimbana ndi mankhwala ena, ngakhale a amayi, ndiponso amafuna kukambirana ndi adokotala munthu asanaganize za banja. Imeneyo mayi ako akuti ndi yawo, ine ndisaiyambe chifukwa ndingaipotoze. Ndangoitchula kuti udziwe kuti nanenso ndikuidziwa ndipo sindikuchita nayo manyazi. Kulikonse kumene akakupatse mankhwala, ngakhale a chimfine, uziyamba wanena amene ukumwa kale.

Usaganize kuti madzulo asanu amenewa achepetsa kunyada kwanga. Anzako amene anakhoza nawe mayeso anapalasa njinga zopepuka. Iwe unakwera chitunda chomwecho buleki ili yogwira, n'kukafika nawo limodzi pamwamba, ena n'kuwasiya m'mbuyo. Ndikamauza anthu kumsika kuti mwana wanga akukaphunzira za mankhwala, ena amati ndi mwayi. Ine ndimangomwetulira, chifukwa ndinaona m'mawa uliwonse wa mwayi umenewo. Tsiku lina udzaima pawindo la chipatala ukupereka timapepala ta mapiritsi, ndipo pamzere padzakhala bambo wina wa jekete lakutha, womvera malangizo, wokonzeka kukamaliza mankhwala a mwana wake. Usadzamulembere m'Chingelezi n'kuitana wotsatira. Udzamufunse ntchito imene amagwira.

Ndinaganiza zoika kalatayi pansi pa zovala m'chikwama kuti ukaipeze uli ku Blantyre, ine ndili kutali ndi maso ako. Ndaona kuti kumeneko kukanakhala kubisanso. Ndiisiya pa pilo pako kuti uipeze ukangobwera kwa azakhali ako, dzuwa lisanalowe. Ukawerenga usandifunefune kuti undiyankhe. Zaka zonsezi, nthawi ya mankhwala ikakwana ndakhala ndikupeza chochita pafupi ndi iwe, mwina kukonza wailesi imene sinawonongeke, mwina kufuna mpeni umene uli m'thumba mwanga, mpaka nditamva kapu ya madzi yagunda patebulo. Ndikudziwa kuti unkandiona. Masabata apitawa ndinatanganidwa ndi kukolola, ndipo ndinayamba kudziimba mlandu kuti ndikanakhalapo. Koma ku Blantyre sindikakhalako, ndipo si bwino kuti ndikakhaleko. Lero ndipita kudimba kukatseka madzi, ndipo ndikachedwa dala mpaka ola lija litadutsa. Ndikabwera sindifunsa.

Ndine bambo ako, amene mawa anyamule chikwama chako panjinga mpaka pa siteji, kudzera njira ya kumsika.